Maginito, magetsi kapena ultrasound: kuyerekeza njira zotakasira ubongo popanda opaleshoni

Pakati pa Amalawi okhala mu Johannesburg pali magulu awiri amene nkhani ya makina otakasa ubongo ikuwafika, ndipo ikuwafika mosiyana kwambiri. Gulu loyamba ndi la mabanja amene ali ndi m'bale wodwala matenda ovutika maganizo, amene wamwa mankhwala amitundu iwiri kapena itatu osaona kusintha, kenaka dokotala n'kutchula zilembo zitatu zakuti TMS, njira yotakasa ubongo ndi maginito. Gulu lachiwiri ndi la achinyamata ophunzira pa Wits, pa UJ kapena m'makoleji a ku Braamfontein, pamodzi ndi anthu ogwira ntchito usiku, amene amaona pa Facebook ndi pa YouTube tizipangizo tovala kumutu tolonjeza kunola nzeru ndi kuthandiza munthu kuloweza msanga. Njira zonsezi zimatchulidwa pamodzi chifukwa palibe imene imafuna kutsegula chigaza, koma mphamvu zake, umboni wake ndi zofunika kuti munthu azipeze zatalikirana kwambiri. Chimene chimaonekera munthu akaziika pambali pa inzake n'chakuti njira za umboni wolimba n'zothandiza odwala ndipo zimachitikira kuchipatala, pamene zimene akutsatsa kwa anthu abwinobwino ndiye zili ndi umboni wochepa kuposa zonse.

Maselo a mitsempha a muubongo, amene alipo pafupifupi 86 biliyoni, amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timagetsi tochepa kwambiri, choncho n'zotheka kusintha kagwiridwe kake ka ntchito ndi mphamvu yochokera kunja. Vuto ndi chigaza, chifukwa fupa silidutsa magetsi bwino. Njira iliyonse mwa zimene zilipo ndi yankho la vuto limeneli, ndipo kusiyana kwa mayankhowo ndiko kumabweretsa kusiyana kwa zotsatira.

TMS imalambalala vutoli pogwiritsa ntchito maginito, amene amadutsa fupa mosavuta. Anthony Barker ndi anzake anaionetsa koyamba ku Sheffield mu 1985. Waya wokulungidwa, kawirikawiri m'maonekedwe a nambala 8, amaugoneka pamutu, ndipo magetsi amphamvu akadutsa mu wayayo kwa kanthawi kosakwana n'komwe kuphethira, amapanga mphamvu ya maginito yofanana kukula kwake ndi ya makina a MRI. Mphamvuyo ikalowa, imadzutsa magetsi mu ubongo momwemo, mpaka masentimita awiri kapena atatu kuchokera pakhungu, ndipo maselo a pamalopo amatumiza uthenga nthawi yomweyo. Tsiku loyamba kuchipatala wodwala amakhala pampando ali maso, atatseka makutu chifukwa makinawo amalira mokweza kuti tha! tha! tha! Dokotala amayendetsa wayayo pamutu mpaka atapeza malo amene akagunda, chala chachikulu cha dzanja la mbali inayo chimadumpha chokha mwini wake asanafune. Amatsitsa mphamvu pang'onopang'ono mpaka atapeza yochepetsetsa imene ikudumphitsabe chalacho, ndipo mlingo wa chithandizo chonse amawerengera kuchokera pamenepo. Mwa njira zotakasa ubongo munthu ali maso zimene zili m'nkhani ino, palibe ina imene zotsatira zake mungazione ndi maso anu motero.

Pa nkhani ya kuona, kumva ndi kulankhula, TMS yaphunzitsa akatswiri zambiri. Akagunda kunkhongo, kumene kuli gawo la ubongo loona, anthu ambiri amaona kuwala kong'anima ngakhale atatsinzina. Mu 1989 Vahe Amassian ndi anzake ku New York anaonetsa anthu zilembo pa kompyuta kwa kanthawi kochepa, ndipo anapeza kuti akagunda kunkhongo patangopita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, munthu amalephera kunena zilembo zimene maso ake aziona ndithu. Mu 1991 Alvaro Pascual-Leone anaonetsa kuti kugunda mobwerezabwereza kutsogolo kwa mbali ya kumanzere kumaimitsa munthu pakati pa kuwerenga manambala mokweza, mawu osatuluka, kufikira makina atasiya. Mu 1997 gulu la Leonardo Cohen linapeza kuti anthu amene anasiya kuona ali aang'ono amalakwitsa powerenga Braille ndi zala akawagunda pa gawo loona lomwelo, zimene zinasonyeza kuti ubongo wawo unapatsa gawolo ntchito ya kukhudza. Taonani kuti zitsanzo zonsezi, kupatula kuwala kuja, n'zosokoneza ntchito ya ubongo kwa kanthawi. Kusokoneza n'kosavuta ndipo kumatheka mobwerezabwereza, koma kuwonjezera luso la ubongo wa munthu wathanzi n'kovuta kwambiri, ndipo otsatsa malonda sakonda kunena mfundo imeneyi.

Kuchipatala, ntchito yaikulu ya TMS ndi ya matenda ovutika maganizo amene akanika ndi mankhwala. Bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaivomereza pa ntchitoyi mu 2008, la NICE ku Britain linatulutsa malangizo oivomereza mu 2015, ndipo mu 2018 FDA inavomerezanso mtundu wina wa TMS pa matenda a OCD, amene munthu amabwereza maganizo kapena zochita zina mosatha kudziletsa. Pothandiza wovutika maganizo amagunda kutsogolo kwa mutu, mbali ya kumanzere, masiku asanu pa sabata kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Poyamba ulendo umodzi unkatenga mphindi 37 ndi theka, koma kafukufuku wa ku Canada wa mu 2018, amene anakhudza odwala 414, anasonyeza kuti kagundidwe kena kotchedwa theta burst, kotenga mphindi zitatu zokha, kamathandiza mofanana. Pa kafukufukuyo pafupifupi theka la odwala linapeza kusintha kwakukulu, ndipo pafupifupi atatu pa khumi aliwonse zizindikiro zawo zinatheratu. Kwa anthu amene mankhwala anawalephera, zimenezi si zochepa, komabe zikutanthauzanso kuti theka linalo linayenda masabata onsewo osapindula mokwanira, ndipo ena mwa amene amachira matenda amadzawabwerera pakatha miyezi.

Kwa ife a kuno, funso la ulendo ndi lalikulu ngati funso la ndalama zolipira. TMS imapezeka makamaka kwa madokotala oima paokha, choncho munthu wokhala ku Diepsloot, ku Cosmo City, ku Tembisa kapena ku Rosettenville ayenera kuwerengera ndalama za taxi za maulendo pafupifupi 30, kupita ndi kubwerera, ndiponso maola amene azichoka pantchito. Wogwira ntchito yapakhomo kapena yam'munda amene amalipidwa pa tsiku adziwe kuti chithandizochi sichigwira bwino ntchito akamadumphitsa masiku, ndipo nkhani ya kupempha chilolezo kwa abwana iyambe chithandizo chisanayambe. Amene ali pa medical aid afunse kaye ndipo yankho alilandire polemba, chifukwa zimene malamulo amakakamiza kuti alipiridwe pa matenda ovutika maganizo ndi kugona m'chipatala masiku 21 pachaka kapena kukaonana ndi mlangizi maulendo 15, ndipo TMS ndi nkhani yoipempha payokha. Ubwino wake ngwakuti munthu samugonetsa, amadzuka pampando n'kukakwera yekha taxi, ndipo sizimuiwalitsa zinthu. Zovuta zofala ndi kupweteka kwa mutu ndi kwa khungu la pamalopo, zimene zimachepa pakatha masiku oyambirira. Choopsa chenicheni ndi kugwa ngati wakhunyu, zimene zimachitikira munthu wosakwana mmodzi pa 1,000 alionse, ndiye chifukwa chake wodwala khunyu, womwa mowa kwambiri, kapena amene ali ndi chitsulo m'mutu kapena kachipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu ayenera kunena zimenezi poyera tsiku loyamba.

Makolo ambiri akamva za magetsi a kumutu amaganiza za ECT, imene anthu amaitcha kuwotcha ndi magetsi, ndipo mantha amayambira pamenepo. ECT ndi yakale kwambiri, popeza Ugo Cerletti ndi Lucio Bini anaiyamba ku Rome mu 1938, ndipo cholinga chake n'chosiyana ndi cha TMS: imachititsa dala kuti ubongo wonse ugwidwe ngati khunyu kwa masekondi angapo. Masiku ano wodwala amapatsidwa mankhwala ogonetsa ndi ofewetsa minofu, kotero samva kanthu ndipo thupi siliphupha, ndipo chithandizocho chimachitika kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi zambiri maulendo 6 mpaka 12. Pa njira zonse zimene zili m'nkhani ino, ECT ndiyo yamphamvu koposa pa matenda ovutika maganizo aakulu, makamaka munthu akasiya kudya ndi kumwa, akamamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe, kapena akakhala pa ngozi yodzipha. Ndiyonso imene imakhudza kukumbukira koposa, chifukwa wodwala amasokonezeka akangodzuka, amavutika kusunga zatsopano kwa masabata angapo, ndipo ena amaiwaliratu zina zimene zinachitika m'miyezi yoyandikana ndi chithandizocho. Banja limene m'bale wawo wafika poipa chotere lisataye nthawi kufunafuna TMS poganiza kuti ndi ECT yofatsa, chifukwa TMS imachedwa ndipo ilibe mphamvu yotero. ECT imapezekanso m'zipatala zina za boma, ndipo njira yake imayambira kukiliniki kapena kuchipatala chapafupi kumene amalemba kalata yotumiza wodwala kwa dokotala wa matenda a maganizo.

Tizipangizo timene achinyamata amationa pa intaneti tambiri ndi ta tDCS. Njirayi inatchuka kuyambira mu 2000 pamene Michael Nitsche ndi Walter Paulus ku Göttingen anasonyeza kuti magetsi ofooka odutsa pamutu amasintha kwa kanthawi mphamvu imene TMS imadumphitsira chala. Zipangizo zake n'zosavuta: batire, mawaya awiri ndi masiponji awiri oviikidwa m'madzi amchere, amene amawamanga pamutu kwa mphindi 20 mpaka 30. Magetsi ake ndi 1 mpaka 2 milliamp, ndipo munthu amangomva kuyabwa kapena kunyerenyesa pakhungu, nthawi zina kukoma kwa chitsulo m'kamwa. Magetsi ochepa chotere sadzutsa selo lililonse kuti litumize uthenga, amangochititsa kuti likhale losavutirako kapena lovutirako kudzuka. Ngati TMS ili machesi oyatsa moto, tDCS ili ngati kuyanika nkhuni padzuwa kuti zidzayake msanga wina akadzabwera ndi moto. Ngakhale magetsi ochepawo safika onse, chifukwa mu 2018 gulu la György Buzsáki, poyeza m'mitu ya anthu omwalira, linapeza kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi amathera pakhungu ndi pachigaza.

Kodi tDCS imanola nzeru? Malipoti ang'onoang'ono onena kuti yathandiza kukumbukira, masamu kapena kuphunzira mawu a chilankhulo china alipo ambiri, koma ambiri mwa iwo anayesa anthu 10 kapena 20 okha, ndipo ena akabwereza sapeza zomwezo. Mu 2015 Jared Horvath ndi anzake ku Melbourne anasonkhanitsa zotsatira zofalitsidwa kale ndipo sanapeze umboni wodalirika wakuti ulendo umodzi wa tDCS umasintha kaganizidwe ka munthu wamkulu wathanzi. Akatswiri ena anatsutsa kawerengedwe kake, ndipo mkanganowo sunathe, koma ngakhale amene amaikira kumbuyo tDCS amavomereza kuti phindu lake, pamene lilipo, ndi laling'ono ndipo limasiyana munthu ndi munthu malinga ndi kukhuthala kwa chigaza, tsitsi, mankhwala amene akumwa ndi zimene ubongo ukuchita pa nthawiyo. Pali zinanso ziwiri zimene wophunzira ayenera kuzilingalira asanatulutse ndalama. Mu 2013 Teresa Iuculano ndi Roi Cohen Kadosh ku Oxford anaphunzitsa anthu zizindikiro zatsopano za manambala, ndipo anapeza kuti kutakasa malo ena kunafulumizitsa kuphunzira koma kunachepetsa luso logwiritsa ntchito zophunzirazo mosaganizira, pamene kutakasa malo ena kunachita zosemphana. Kupindula kuno kunabwera ndi kutaya uko. Mu 2016 ofufuza a ku Leiden anayesa kachipangizo kogulitsidwa kwa osewera magemu a pakompyuta kotchedwa foc.us, ndipo anapeza kuti amene anakavala kali koyatsa analakwitsa kwambiri pa mayeso a kukumbukira kusiyana ndi pamene kanali kongonamizira.

Kunamizira kumeneku n'kofunika kukumvetsa, chifukwa ndiko kumasiyanitsa umboni weniweni ndi umboni wonama. Pa kafukufuku wabwino, theka la anthu limavala makina amene amayaka kwa masekondi pafupifupi 30 kuti khungu linyerenyese kenaka n'kuzima mwakachetechete, ndipo wodwala ngakhale womuyeza sadziwa amene walandira zenizeni. Anthu ambiri a m'gulu lonamiziridwalo amanena kuti akupeza bwino. Choncho mnzanu wa m'kalasi akakuuzani kuti kachipangizo kake kamamuthandiza kuwerenga, mwina sakunama n'komwe, koma iye yekha sangadziwe ngati ndi magetsi kapena ndi kukhala pansi mphindi 20 foni ili kutali.

Pa matenda ovutika maganizo, tDCS ili ndi umboni wooneka koma wosakanikirana. Kafukufuku wa André Brunoni ku São Paulo, wa mu 2017, wokhudza odwala 245, anapeza kuti imaposa kunamizira koma siifika pa mankhwala a escitalopram. Wina wa m'zipatala za ku Germany, wofalitsidwa mu 2023, sanapeze phindu lililonse poiwonjezera pa mankhwala. Wa mu 2024, umene odwala 174 a ku Britain ndi ku America ankavala kachipangizo ka kampani ya Flow Neuroscience kunyumba kwa masabata 10, unapeza kuti amene zizindikiro zawo zinatha anali ochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi onamiziridwa, ngakhale kuti ndalama za kafukufukuyo zinachokera ku kampani yomweyo ndipo odwalawo ankayang'aniridwa ndi azachipatala kudzera pa vidiyo. Kwa munthu amene matenda ake si aakulu kwambiri, amene sangathe kuyenda tsiku ndi tsiku, njirayi ndi yoyenera kukambirana ndi dokotala. Kugula kachipangizo kosadziwika pa intaneti kapena kulumikiza nokha batire ndi mawaya ndi nkhani ina, chifukwa siponji ikauma kapena ikasendemuka magetsi amaunjikana pamalo amodzi n'kuwotcha khungu, ndipo munthu amene ali ndi matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kukhumudwa kwambiri ndi kusangalala mopyola muyeso) osadziwa akhoza kutakasika mopitirira muyeso. Kwa ana, amene ubongo wawo ukukulabe, ine sindingaone chifukwa chilichonse choyesera kunyumba, ngakhale mayeso a matric atayandikira chotani.

Mbale wake wa tDCS ndi tACS, imene magetsi ake amapita uku ndi uku pa liwiro losankhidwa kuti ligwirizane ndi mafunde a ubongo. Zotsatira zake zochititsa chidwi kwambiri zachokera kwa Robert Reinhart ku Boston University. Mu 2019 anasonyeza kuti mphindi 25 za tACS zinathandiza anthu a zaka 60 mpaka 76 kusunga zinthu m'maganizo kwa kanthawi mofanana ndi achinyamata a zaka za m'ma 20, ndipo phindulo linalipobe pakutha pa mphindi 50 zimene anapitiriza kuwayeza. Mu 2022 gulu lakelo linayesa anthu 150 a zaka 65 mpaka 88 kwa mphindi 20 masiku anayi otsatizana, ndipo kukumbukira kwawo mndandanda wa mawu kunali kwabwinoko ngakhale patatha mwezi. Awa anali mayeso a m'chipinda chofufuzira, okumbukira mawu owerengedwa ndi wina, pa anthu amene sanapezeke ndi matenda a Alzheimer, ndipo zipangizo zake zinali zolunjika bwino kuposa zogulitsidwa pamsika. tACS nayonso imaonetsa anthu ena kuwala kong'anima, koma kwapezeka kuti kwambiri kumachokera m'maso momwemo, magetsi akayenda pakhungu n'kufika kumeneko, osati mu ubongo.

Ultrasound ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Yofooka yolunjikitsidwa pamalo amodzi ndiyo njira yatsopano, ndipo chokopa chake n'chakuti imatha kufika mkati mwenimweni mwa ubongo kumene maginito ndi magetsi a pakhungu safika. Mu 2014 Wynn Legon ndi anzake anasonyeza kuti imasintha luso la munthu losiyanitsa kukhudza kuwiri koyandikana padzanja. Ikadali pa kafukufuku, ndipo isasokonezedwe ndi ultrasound yamphamvu yowotcha kamalo mu ubongo pochiza kunjenjemera kwa manja, imene FDA inaivomereza mu 2016, chifukwa imeneyo imawononga maselo kosatha.

Mabanja amene ali ndi wodwala sitiroko amafunsanso za njirazi, makamaka dzanja likakana kubwerera kapena mawu akamavuta. Pano chiyembekezo chathamanga kuposa umboni. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa NICHE, wofalitsidwa mu 2018, anapatsa odwala TMS pamodzi ndi mafizo a dzanja, ndipo amene analandira yeniyeni anachira mofanana ndi amene ananamiziridwa, kusonyeza kuti chimene chinathandiza onsewo ndi mafizowo. Ndalama zikakhala zochepa, zipite kaye kwa wa mafizo ndi kwa wophunzitsa kulankhula, ndipo makina aziganiziridwa ngati chowonjezera pamwamba pa zimenezo.

Kwa amene akuganiza zolipira TMS kapena tDCS kuno ku Johannesburg, pali zinthu zochepa zimene zimasiyanitsa malo odalirika ndi amalonda chabe. Dokotala woyang'anira akhale wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala mu South Africa, ndipo dzina lake mukhoza kuliyang'ana nokha pa kaundula wa bungweli pa intaneti. Zipangizo zachipatala zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la SAHPRA, ndipo si chipongwe kufunsa dzina la makinawo ndi matenda amene anavomerezedwera. Malo amene akulonjeza kuchiza ndi makina amodzi autism, kuiwala kwa ukalamba, kuledzera ndi kulephera m'kalasi akulonjeza zoposa zimene umboni ukunena. Bungwe la SADAG lothandiza anthu ovutika maganizo, limene likulu lake lili mumzinda uno, limapereka uphungu pa foni ndipo limalozera anthu kumene angapeze thandizo. Amene akuganiza zobwerera kumudzi chithandizo chikatha apemphe kalata yofotokoza zonse zimene alandira ndi mankhwala amene akumwa, kuti akakafika ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, madokotala a kumeneko akapitirize pamene anzawo alekezera.

Munthu amene dandaulo lake ndi kuiwalaiwala kapena mutu kulemera, osati kuvutika maganizo, ayambe ndi kuyezetsa magazi asanaganize za makina alionse. Kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro chofooka, HIV yosalandirira mankhwala, chindoko chokhalitsa, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mowa zonse zimafooketsa kukumbukira, ndipo zambiri mwa izi zimayezedwa kukiliniki ya boma n'kuchizika. Mlonda amene amagwira maola 12 usiku kenaka n'kugona maola anayi masana m'chipinda cha anthu ambiri ali kale ndi chifukwa chokwanira choiwalira, popeza ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo palibe mwa njira zimene tazionazi imene yasonyezedwa kuti imalowa m'malo mwa tulo timene tasowa.